Musanakwere basi ya ku Joni: kukonzekera za agogo otsala pakhomo

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, kuchoka pa 13 miliyoni mu 2008, ndipo boma la Salima lokha linali ndi anthu oposa 478,000. Theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Minda ndi yomwe ija, nyanja ndi yomwe ija, koma ofuna kudya achuluka. Mnyamata wa kwa Khombedza kapena kwa Pemba akakwatira n'kugawiridwa kandime kosakwana ekala, mtima wake umathamangira ku Lilongwe, ku nzimbe ku Dwangwa kapena ku Joni. Masiku ano ndi atsikana omwe akupita. Pakhomo pamatsala agogo ndi zidzukulu.

Kupita si mlandu, ndipo sikunayambe lero. Amuna a azigogo omwewa ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba mpaka m'ma 1980. Cholakwika n'kunyamuka mutangosiya mawu akuti "ndizitumiza". Ndalama ya pafoni situnga madzi, sipalira, ndipo siperekeza wodwala kuchipatala usiku. Nkhalamba yosiyidwa imasowa manja oithandiza ndi pakamwa poiyankhulira isanasowe ndalama. Komanso dziwani kuti pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala ku South Africa masiku 30 okha popanda chilolezo china. Mukapitirira, tsiku lotuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi kapena zisanu, ndipo ambiri poopa zimenezi sabwera ngakhale pamaliro. Choncho konzani zonse ngati munthu amene sadzaponda pakhomo kwa zaka zitatu. Ntchito yake imafuna mwezi umodzi kapena iwiri musanagule tikiti.

Woyang'anira akhale mmodzi, wotchulidwa dzina

Itanitsani banja likhale pansi: mwinimbumba kapena atsibweni, abale anu otsala, ndi agogo eniake. Ngati mukupita nonse awiri, mwamuna ndi mkazi, kumbukirani kuti makolo alipo mbali ziwiri, ndipo a kuchimuna ndi amene amaiwalika msanga mwamuna akakhala pachikamwini.

Pamsonkhano umenewu musalole mawu akuti "tonse tiziwaona". Mawu amenewa ndi okoma pakamwa, koma tsiku limene agogo agwa kubafa aliyense amaganiza kuti mnzake wapita kale. Pasankhidwe munthu mmodzi wamkulu, wokhala pafupi moti atha kumva kuitana, wokhala ndi foni, ndiponso amene agogo akumufuna. Ngati agogo akung'ung'udza za munthuyo, mvetserani, chifukwa amadziwa amene amawabisira shuga. Ntchito zake zitchulidwe poyera: kuwazonda m'mawa uliwonse, kuwaperekeza kuchipatala, kupita kuchigayo, kuyang'anira aganyu. Kenako mugwirizane za kangachepe kamene azilandira mwezi ndi mwezi. Ambiri amachita manyazi kulipira mbale wawo, koma mlongo wanu amene wasiya geni yake ya usipa kuti akakhale pamzere kuchipatala wataya ndalama, ndipo akapanda kuiona adzatopa mwakachetechete. Zonse zilembedwe m'kope, a nyakwawa kapena a mfumu adziwitsidwe.

Funso lovuta ndi la ana. Afunseni agogo paokha, osati pagulu, kuti angathe kusunga angati. Pagulu adzavomera onse poopa kuoneka ouma mtima. Mwana woyamwa kapena wosakwana zaka ziwiri asasiyidwe. Agogo opitirira zaka 70 sangathamange ndi ana atatu osakwana zaka zisanu, makamaka kufupi ndi nyanja kapena mtsinje wa Linthipe. Agaweni anawo kwa azakhali ndi amayi aang'ono. Ndipo mtsikana wa zaka 13 amene mwamusiya "kuti azithandiza agogo" musamusandutse mayi wa pakhomo. Akatero sukulu imatha, kenako pamabwera mwamuna, pamene malamulo a dziko lino saloleza ukwati munthu asanakwane zaka 18. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu, muwapatse nambala yanu ndi ya woyang'anira.

Mapepala

Onani chiphaso cha unzika cha agogo: chilipo, sichinathe masiku, ndipo dzina lalembedwa bwino? Chikasowa, kachikonzetseni kuofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, paboma inu mukadalipo, chifukwa sichituluka tsiku limodzi. Popanda chiphaso sangalembetse nambala ya foni, sangalandire ndalama ya Mukuru, ndipo sangagule feteleza wotsika mtengo wa boma. Dzina limene muzilemba potumiza ndalama lifanane ndi la pachiphaso chilembo ndi chilembo. Agogo amene mudzi wonse umawadziwa kuti Anaphiri akhoza kukhala ndi dzina lina papepala.

Sonkhanitsani chiphasocho, buku la kuchipatala, makadi a sikelo ndi zikalata zakubadwa za ana. Zijambuleni pafoni yanu, kenako muziike m'jumbo ya pulasitiki yomanga bwino, muipachike m'mwamba momwe madzi osefukira ndi chiswe sizingafike. Auzeni agogo momveka kuti chiphaso sabwereketsa. Nyengo ya feteleza mavenda amayenda m'midzi kugula ziphaso za okalamba ndi ndalama yochepa.

Za Mtukula Pakhomo, womwe unayambira ku Mchinji mu 2006, funsani kwa a komiti ya m'mudzi kapena kuofesi ya zachisamaliro cha anthu ngati banjalo linalembedwa m'kaundula. Koma musawerengerepo. Umafikira mabanja ochepa, osaukitsitsa ndiponso opanda wogwira ntchito.

Chakudya chisiyidwe m'matumba, osati m'malonjezo

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Thumba la makilogalamu 50 limatha pafupifupi mwezi umodzi pabanja la anthu asanu. Agogo ndi zidzukulu zitatu afunika matumba 10 mpaka 12 pachaka, poganiziranso alendo, maliro a m'mudzi, ndi gaga wotayika pokonola. Mgaiwa umakhalitsa thumba kuposa ufa woyera ndiponso ndi wopatsa thanzi, koma ngati agogo anaukana moyo wawo wonse, sayamba lero, ndiye onjezerani thumba limodzi kapena awiri.

Gulani chimangacho mu May kapena June, anthu akangokolola. Mu January ndi February mtengo umakhala utakwera kwambiri, ndipo kumayambiriro kwa January ntchito zambiri za maganyu ku Joni zimakhala zikadali zotseka patchuthi cha Khirisimasi. Chiumitseni bwino musanasunge. Poyesa, ikani mchere wouma ndi njere zingapo m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi ndipo chichita chuku. Pakhomo pa okalamba matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, ndi abwino kuposa mankhwala a ufa, chifukwa safuna kuthira china chilichonse. Tulutsani mpweya, mangani pulasitiki yamkati payokha, yachiwiri payokha, kenako thumba lakunja. Anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya. Chimene chimaononga ndi kabowo: khoswe akaboola, kapena mwana akalasa ndi kamtengo, thumbalo lasanduka wamba. Asanjikeni pa thandala, asakhudze khoma, ndipo atsegulidwe limodzilimodzi.

Matumba onse asakhale m'nyumba ya agogo. Mtima wa agogo sukana mdzukulu wobwera ndi kambale, ndipo achibale amadziwa zimenezo. Awiri akhale kwa iwo, enawo kwa woyang'anira, n'kumalemba m'kope thumba lililonse likatuluka. Siyaninso nyemba kapena nandolo, mtedza, mchere, ndi ndalama ya chigayo. Nkhuku zisanu zimathandiza kuposa mbuzi, chifukwa sizifuna wozithamangitsa, bola zizilandira katemera wa chitopa miyezi itatu iliyonse.

Munda

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadanirana. Agogo a zaka 70 sangalime maekala atatu, koma munda wogonera m'mudzi umene anthu akuchulukana sukhala osaukhudza. Woyandikana nawo amadya mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, ndipo mukadzabwera mudzapeza malire ali pena.

Muwasiyire theka la ekala kapena ekala imodzi yapafupi ndi nyumba, ndipo ndalama ya ganyu ifike pa nthawi ya ntchito yake. Kusosa ndi kuunga mizere kuthe pofika October. Kubzala ndi mvula yoyamba yokhazikika, kumapeto kwa November kapena mu December. Kupalira koyamba kuchitike pasanathe masabata atatu chimanga chitamera. Ndalama ya kupalira ikachedwa ndi masabata awiri okha, udzu umakhala utadya feteleza yense, ndipo zimene munagula zapita pachabe. Pa ekala imodzi pamalowa thumba limodzi la NPK lokulitsira ndi limodzi la Urea lobereketsa, lothira patatha masabata atatu chithirireni loyambalo. Aganyu alipidwe ntchito ikatha ndipo woyang'anira ataiona, osati asanayambe. Mbali ina mubzale chinangwa ndi mbatata, zomwe sizifuna feteleza wogula ndipo agogo atha kukumba pang'onopang'ono mmene akufunira.

Munda wotsalawo, kapena dimba la mpunga ngati muli cha ku Lifuwu, mubwereketse kwa nyengo imodzi yokha, ndipo pangano lizilembedwanso chaka chilichonse pamaso pa a mfumu ndi mboni ziwiri. Malipiro akhale matumba, osati ndalama. Wobwereka asaloledwe kubzala mitengo kapena kumanga, chifukwa zimenezi ndi zimene amadzaloza tsiku lokana kuchoka. Musananyamuke yendani m'malire ndi a mfumu, oyandikana nawo ndi mdzukulu wamkulu, mubzale khonje kapena nkhadze m'ngodya zonse. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya zamalo ya kwa gulupu, choncho funsani kuofesi ya zamalo paboma ngati ntchitoyi inafika m'dera lanu. Pafupi ndi nyanja, monga ku Senga Bay, ogula malo amabwera ndi ndalama m'manja. Banja ligwirizane kuti agogo asadinde chala papepala lililonse popanda mwinimbumba ndi inu pafoni.

Ndalama

Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ilembetsedwe m'dzina la agogo, ndipo foni ikhale yamabatani, yosunga moto masiku angapo. Ngati sangathe kusunga nambala yachinsinsi, aidziwe woyang'anira yekha, osati mdzukulu wa zaka 16 kapena ejenti wa pamsika. Wokatenga ndalama akhale wina, wolemba m'kope wina. Mukatumiza, imbirani agogo eniake n'kuwauza kuchuluka kwake ndi pakamwa panu. Ndalama zambiri zimasowera pakati pa foni ndi dzanja la agogo, ndipo iwo sadandaula poopa kuyambanitsa ana awo.

Ndi bwino kutumiza zochepa pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse kusiyana ndi zambiri kamodzi pa miyezi inayi. Ndalama yambiri ikafika mudzi wonse umamva, ndipo ongongola amafika nsima isanapse. Musapangane kuti "ndizitumiza zakutizakuti" m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Panganani pa zinthu: sopo, mafuta ophikira, shuga, chigayo, ndiwo, za kusukulu, ndipo mndandandawo muziuwerengetsera mtengo miyezi itatu iliyonse.

Achenjezeni za mauthenga abodza, aja akuti "ndasintha nambala, tumizani apa" kapena "mwana wanu wamangidwa ku Beitbridge". Panganani funso lachinsinsi limene wakuba sangaliyankhe. Katundu wotumiza kudzera kwa onyamula katundu a ku Joni mumujambule, mulembe mndandanda, ndipo autumize pa WhatsApp kwa woyang'anira galimoto isananyamuke.

Thanzi, nyumba ndi madzi

Musanapite, pitani nawo kuchipatala chachikulu cha Salima kapena chaching'ono ngati cha Khombedza kapena Chipoka, akawayeze BP, shuga ndi maso. BP imene ikupezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kupitirira ndi yofuna thandizo. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, moyo wonse. Cholakwika chofala n'chakuti agogo akamva bwino amasiya kumwa, ndipo BP sipweteka mpaka tsiku la sitiroko. Woyang'anira adziwe zizindikiro zake: pakamwa kupindika, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu kusamveka. Zikatero ndi kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Masiku okatenga mankhwala alembedwe pakhoma, ndipo pakhale ndalama yogulira kufamase akapezeka kuti kuchipatala atha. Inu musamatumize mapilitsi a ku Joni amene dokotala sanalembe. Mankhwala opha ululu ngati Brufen ndi Indocid, akamamwedwa tsiku lililonse chifukwa cha nyamakazi, amatupula zilonda zam'mimba, amaononga impso ndipo amakweza BP.

Agogo akamati akuona ngati utsi, kawirikawiri imakhala ng'ala, yomwe imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi ntchito imeneyi. Munthu amene wayambanso kuona amadziphikira n'kudziyendera yekha, ndiye musazengereze nazo. Malungo mwa okalamba nthawi zina amabwera ngati kusokonezeka mutu, thupi lisanatenthe kwambiri. Neti yawo ikhale yawoyawo, chifukwa akakhala ndi imodzi amapatsa zidzukulu. Pezani wa kabaza wa njinga yamoto mmodzi wodalirika, mugwirizane kuti akaitanidwa usiku azinyamula kaye, malipiro pambuyo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwe za khomolo. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ilembedwe pachikuto cha kope lija.

Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Agulireni zigubu za malita asanu, mulipiretu ndalama ya pamjigo ya chaka chonse, ndipo pakhale wowatungira. Kutentha kwa October ndi November kuno kumafooketsa okalamba, amene samva ludzu msanga, choncho madzi akumwa azikhala pafupi ndi pamene amakhala. M'nyengo ya mvula azithiramo klorini, poti kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Chimbudzi cha padothi lamchenga chimagwa mvula ikachuluka, ndiye dzenje lake limangidwe ndi njerwa, chikhale pafupi, ndipo mkati muzike mtengo wogwirira podzuka. Denga lifoleredwe ndi pulasitiki pansi pa udzu mvula isanayambe. Tochi kapena nyale ya sola ndi yotchipa kuposa kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, komwe okalamba ambiri sadzukanso nako.

Mawu a ufiti

Nkhalamba yokhala yokha, ana ake ali kutali, ndi imene imalozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi kapena mvula ikadula. Kawirikawiri kuseri kwa mawuwo kumakhala munda. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira za mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la zaufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire.

Choopsa kwambiri ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Agogo amayamba kuiwala mayina, kuyankhula ndi anthu amene anamwalira kale, kutuluka usiku n'kupezeka m'mamawa pakhomo pa eni, nthawi zina osavala. Amene sakuwadziwa amati agwa paulendo wa usiku, ndipo akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse chifukwa chosokonezeka. Mukaona zizindikiro zoyamba, kawaonetseni kuchipatala zilembedwe m'buku, kenako uzani a mfumu, a chitetezo cha m'mudzi, abusa kapena a shehe, ndi oyandikana nawo kuti awa akudwala. Musokere kansalu kolembapo dzina, mudzi ndi nambala ya foni pa zovala zawo, ndipo munthu wamkulu azigona nawo m'nyumba. Kunong'onezana kukangoyamba, woyang'anira asadikire kuti kufike pabwalo. Apite kupolisi, kunthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo agogo akayambe akhala kwa mbale kwina. Bungwe la MANEPO, loona za anthu achikulire, limatsatiranso nkhani zoterezi.

Ndalama ikadzasiya kubwera

Idzasiya ndithu, nthawi ina. Ntchito imatha, munthu amadwala, amagwidwa n'kukasungidwa ku Lindela, kumene amasunga alendo opanda zikalata podikira kuwabweza kwawo, kapena ziwawa zothamangitsa alendo zimabuka ngati mu 2008 ndi 2015. Banja likambirane zimenezi inu mukadalipo, ngakhale ena adzati mukudzilodza.

Siyani ndalama yokwana miyezi itatu kubanki m'khonde m'dzina la woyang'anira, kapena mbuzi ziwiri zosungitsa kwa mbale, ndipo kope linene amene angalamule kuti zigulitsidwe ndi pa zifukwa ziti: matenda, maliro, njala. Perekani kumudzi nambala za anthu awiri amene mudzakhale nawo pafupi kumeneko, ndi dzina la dera lenileni, osati kungoti "ku Joni" pamene muli ku Durban kapena ku Cape Town. Mukafika lowani m'gulu la Amalawi losonkherana za maliro, chifukwa kubweretsa thupi kumudzi ndi ndalama imene ingagulitsitse munda wa agogo. Alimbikitseni agogo kulemba wilo, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, koma pepala lolembedwa limathetsa mkangano usanafike kukhoti.

Pomaliza lembani m'kope chochita mukakhala chete miyezi itatu: ana apita kwa yani, agogo asamukira kwa yani, ndipo munda ubwereketsedwa kwa matumba angati. Mwinimbumba ndi amene adzaitanitse msonkhano umenewo, ndipo asainire kuti wavomera.